Ng'oma za Mabingu

Bodza limene ndakhala nalo zaka makumi atatu ndi zinayi ndinalinenanso Loweruka lija masana pa wailesi, ndipo ndinalinena mokoma kuposa masiku onse.

Anandiitana ku pulogalamu ya nyimbo zakale za roko. Mutu wa tsikulo unali wa oimba amene anasiya mabandi awo n'kuyamba kuimba paokha: kodi anapita patsogolo, kapena anangodziponya m'dzenje? Madoda a msinkhu wanga nkhani imeneyi amaikonda kuposa ya mpira. Mafoni analira mpaka muulutsi, mayi wanthabwala wovala magalasi, anachita kupempha anthu kuti azifupikitsa. Wina amati woimba wake wa kunja uja, wa mawu okanda pakhosi, chichokereni m'bandi anangosanduka woimba za pa ukwati. Wina amati ayi, bandiyo ndi imene inkamufinya, atachoka m'pamene anayamba kupuma. Mdala wina anapsa mtima mpaka kutsamwa, akuti woimba gitala akasiya anzake chimene chimatsala ndi phokoso lokhalokha. Ine ndinali khale pa mpando wanga, kugwedeza mutu ngati woweruza milandu, kudikira kuti afike pa ine.

"Lero tili ndi mlendo amene nkhanizi sanachite kumva, anazichita yekha," anatero muulutsi. "A Chitsitsi, amene kale ankaimba m'bandi ya Mafupa Anayi."

Dzinalo anandipatsa ndili ndi tsitsi lofika m'mapewa. Lero ntchentche ikatera pamutu panga imaterereka, koma dzina lokha linakana kuthothoka. Bandiyo tinaitcha choncho chifukwa tinalipo anayi ndipo tonse tinali owonda mochititsa chisoni.

Anandifunsa za chimbale chimene ndinatulutsa nditangochoka m'bandi, chija chili ndi nyimbo ya Usandidikire. Kunena zoona ndi chokhacho chimene anthu amandikumbukira nacho. Zinayi zotsatirazo ngakhale akazi anga sadziwa mayina ake.

"Ndi zoona kuti zida zonse munaimba nokha?"

"Zonse, mayi. Gitala, besi, ng'oma, mawu. Ndinkangochoka pa mpando uwu n'kukhala pa uwo."

Bambo wina anaimba foni kungofuna kunena kuti ng'oma za mu Usandidikire sanazimvenso kwina kulikonse, mpaka lero zimamuyendetsa magazi. Ndinaseka modzichepetsa, n'kunena kuti nthawi imeneyo manja anali akadali anthete. Kenako muulutsi anafunsa funso limene anthu salephera kufunsa. Amati Mafupa Anayi anajambula nyimbo zisanu ndi zitatu zimene sizinatuluke, kodi tepi yake ilipo?

"Ilipo," ndinatero. "Ndinaisunga ngati dzira."

Lolemba m'mawa ndinali m'shopu yanga. Masiku ano ndimakonza maampulifaya ndi masipika, m'kachipinda kopapatiza pakati pa wometa ndi wogulitsa utoto. Ndinali nditaweramira ampulifaya ya tchalitchi china, imene anaiwotcha pofuna kuti azimva ndi a tsidya lina la msewu omwe, utsi wa mtovu ukundilowa m'maso, pamene pakhomo panaima munthu. Anali mayi wa zaka za m'ma makumi atatu, atavala yunifolomu ya unamwino, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

"Amalume, simungandidziwe. Ndine mwana wa a Mabingu."

Ndinamudziwa asanamalize n'komwe. Mapewa otambalala aja, ndi kaimidwe kopendekera mbali imodzi ngati munthu amene akumvetsera chinthu chapatali, zinali za bambo ake. Chowotcherera waya ndinachiika pa tebulo osayang'ana, mpaka chinapsereza nsalu.

Mabingu ndiye ankaomba ng'oma m'bandi yathu. Bandi itatha anagulitsa ng'omazo n'kuyamba kuyendetsa lole yonyamula buledi, ndipo anaiyendetsa mpaka kupuma pa ntchito. Tauni yathu ndi imodzi. Zaka zonsezi ndikaona lole yake yabuluu ikubwera, ndinkapeza chochita m'sitolo yapafupi. Ndinagula misomali yambiri imene sindinkaifuna.

"Anadwala sitiroko chaka chatha," anatero mwanayo atakhala pa sipika yakufa imene ndimakhazikapo alendo. "Dzanja lamanja linafa, mwendo amachita kukoka, mawu amatuluka amodziamodzi. Loweruka ndinawatsegulira wailesi kuti asamangoyang'ana khoma. Mutanena za tepi ija anamenya mpando ndi dzanja lamanzere mpaka kapu inagwa. Chiyambireni akungoti tepi, tepi. Ndi chakudya chomwe akukana."

"Pepani kwambiri, mwanangu. Sindinamve."

"Ine sindinawamvepo akuomba, amalume. Ndinabadwa ng'oma atagulitsa kale, ndipo kunyumba nkhani ya bandi sankaifuna n'komwe. Sitikufuna kukulandani tepi yanu. Angomva kamodzi basi, mwina mtima ukhala pansi."

Munthu wanzeru akanapempha nthawi yoti aganize. Koma ine pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu kumbuyo, ndipo ndi pomwepa pamene pandidyetsa moyo wanga wonse. "Zimenezo n'zochita kupempha? Lachisanu masana ndibwera nayo ndekha, ndi makina ake omwe."

Anagwira dzanja langa ndi manja awiri pothokoza. Atatuluka ndinakhala pansi.

Tepiyo inalipodi, m'bokosi lake, pamwamba pa wadirobu. Chimene munalibe m'tepimo ndi Mafupa Anayi.

Kuti zimveke ndiyenera kufotokoza kajambulidwe kathu ka masiku amenewo. Tepi yake inali ya gudumu, ndipo m'kati mwake munkayenda njira zinayi zoyandikana. Njira yoyamba tinkaika ng'oma, yachiwiri besi, yachitatu gitala, yachinayi mawu. Ubwino wake unali wakuti munthu unkatha kufufuta njira imodzi n'kujambulapo zina, zotsalazo osazikhudza. Koma tepi yotere inkasowa koopsa. M'masitolo munalibe, inkachita kubwera m'chikwama cha munthu wochokera kunja. Ife tinapeza imodzi yokha, ndipo m'masiku atatu tinajambulapo nyimbo zisanu ndi zitatu. Mawu a nyimbo zonsezo analemba Wamanzere, woimba gitala wathu, munthu wamanyazi amene pa nsanja ankaimba atafulatira anthu. Besi ankaimba Aphunzitsi. Ine ntchito yanga inali kuima kutsogolo, kugwedeza tsitsi ndi kutsegula pakamwa.

Tsono anthu akamakuwa amakuwa dzina la amene ali kutsogolo. Pang'onopang'ono ndinayamba kukhulupirira kuti atatu enawo ndikuchita kuwabereka kumsana. Tinakangana pa nkhani yopusa, yakuti dzina la ndani lilembedwe ndi zilembo zazikulu pa chikwangwani, ndipo ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko. Tepi inkasungidwa kwanga, chifukwa nyumba yanga yokha ndi imene sinkadontha.

Patapita miyezi iwiri ndinapita ku situdiyo kukajambula zanga. Mkulu wa makina anandiuza kuti tepi yatsopano palibe, ndidikire mwina theka la chaka. Ine kudikira? Ndinatulutsa yathu ija n'kumuuza kuti afufute. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati anzanga akudziwa. Ndinati bandiyo inatha, ndikafunse ndani? Tinafufuta njira yachinayi, mmene munali mawu a nyimbo za Wamanzere. Tinafufuta yachitatu, gitala yake. Tinafufuta yachiwiri. Titafika pa ng'oma mkuluyo anati, "Tayambani mwaomba kaye ndimve, tisanafufute." Ndinaomba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Pomaliza anavula zomvetsera zake m'makutu n'kunena kuti, "Achimwene, mukuomba ngati mukukhoma malata." Njira yoyamba tinaisiya. Ndinapeka nyimbo zatsopano ndi mawu atsopano, n'kuzikhazika pamwamba pa ng'oma za Mabingu, ndipo pa chikuto cha chimbale ndinalembetsa kuti zida zonse ndaimba ndekha.

Woomba ng'oma sangalephere kuzindikira manja ake. Mabingu anadziwa tsiku loyamba limene Usandidikire inamveka pa wailesi. Ndinkadikira kuti abwera kudzandithira mbama pagulu, ndipo zikanandipepukira akanatero, koma sanabwere ndipo sanauze munthu. Iye ankaganiza kuti ng'omazo ndinangozikopera pa tepi ina, yathu ili bwinobwino. Ndikudziwa zimenezi chifukwa pa maliro a Wamanzere, zaka khumi pambuyo pake, anandipeza kuseri kwa galimoto n'kundiuza mawu okhawo amene anandiyankhulapo chisiyanirane: "Tepi ija uisamale. Mnzathu watsala mmenemo basi." Ndinavomera ndi mutu. Aphunzitsi nawo anatisiya patapita zaka zitatu, ndipo mkulu wa makina anali atatsogola kale. Tinatsala awiri.

Lachiwiri m'mawa akazi anga anandipeza nditakwera pa mpando, ndikutsitsa bokosi pa wadirobu. Iwo nkhani yonse amaidziwa. Ndinawaululira chaka chimene tinakwatirana, nditalawa pang'ono, n'kuwalumbiritsa kuti asadzauze munthu.

"Mwaitsitsa lero? Kwagwanji?"

Ndinawafotokozera. Anapitiriza kupinda zovala pa bedi ngati sakumva.

"Ndiye mukanena chiyani kumeneko?"

"Ndikanena kuti inawonongeka ndi chinyezi. Matepi akale amatero. Njira zitatu zinafa, yatsala ya ng'oma yokha. Zinazo ndikangozitseka pa makina, sadzamva mawu anga."

"Chinyezi chanzeru bwanji chimenecho, chodziwa kusankha pofufuta." Anakung'untha malaya anga mwamphamvu kuposa mmene ankafunikira. "Bambo a ana, tsitsi linakutherani koma bodza lokha likumerabe. Munthu uja akudwala. Mukamunamize ali pa mpando, osatha n'kukuyankhani komwe?"

"Ndiye ndikamuuze kuti mnzake ndinamupha kachiwiri? Zimenezo zimuchiritsa?"

"Musandikalipire ine. Sindinafufute ndine."

Ndinapsa mtima, chifukwa ankanena zoona, ndipo ndinatuluka osamwa tiyi.

Makina a njira zinayi ndinali nawo kuseri kwa shopu, omwe aja a ku situdiyo, amene eni ake anandisiyira pamene ankatseka. Tsiku lonse la Lachiwiri linathera powadzutsa. Lamba anali atauma mpaka kuthyoka m'manja, ndinachita kudula wina pa chubu cha njinga. Ndinapukuta fumbi, kuthira mafuta, kusintha mawaya awiri odyedwa ndi makoswe. Lachitatu m'mawa ndinatseka chitseko, ndinakoleka tepi, ndinatsitsa njira yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi mpaka pansi, n'kudina batani.

Poyamba kunangomveka kuwawaza kwa tepi yakale. Kenako mpando unalira, wina anatsokomola, ndipo mawu a Mabingu wa zaka makumi awiri ndi zisanu anatuluka m'sipika ngati ali pambali panga. "Mwakonzeka, mafupa inu? Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi!"

Ng'oma zimenezi ndazimva kosawerengeka, koma nthawi zonse mawu anga ali pamwamba. Pazokha ndinali ndisanazimvepo. Munthu uja sankangosunga nthawi ayi, ankayankhana ndi wina. Ankaomba n'kusiya mpata, kudikira, n'kuyankha chinthu chimene tsopano kulibe. Malo amene ankachepetsa manja kuti gitala ya Wamanzere idutse, ine pa chimbale changa ndinadzazamo kukuwa, ndipo anthu ankati pamenepo m'pamene ndinaonetsa luso.

Chapakati pa nyimbo yachiwiri ng'oma zinatsika, ndipo ndinamva kanthu kena. Kanali kutali, ngati wailesi ya m'nyumba yachitatu. Ndinakweza mpaka kumapeto, khutu n'kuligunditsa pa sipika. Inali gitala. Maikolofoni ya ng'oma inkatola pang'ono zonse za m'chipindamo, choncho Wamanzere anali atalowa m'njira yoyamba mozemba, wopyapyala ngati ulusi, kuonekera pang'ono pamene Mabingu wapuma n'kusowanso. Mawu a nyimbo munalibe, chifukwa ine ndinkaimbira padera m'kachipinda kagalasi. Nyimbo yachitatu itatha ndodo zinagwa pansi, Mabingu anaseka, n'kukuwa cha kugalasiko: "Chitsitsi, pamenepo ndiye waimba, mphwanga! Usasinthe kanthu!"

Ndinalira ngati mwana, dazi lonseli. Wometa anagogoda kufunsa ngati kuli bwino, ndinamuyankha chitseko chili chitsekere kuti ndi utsi wa mtovu.

Wina angaganize kuti zitatero ndinasintha maganizo. Ayi ndithu. Nditapukuta misozi, chimene chinandibwerera m'mutu n'chakuti kagitala kakutali kaja kathandiza bodza langa, chifukwa kakumveka ndendende ngati zotsala za tepi yowonongeka. Ndinachita manyazi ndi ganizo limenelo, koma sindinalitaye. Lachinayi ndinayeserera mawu anga pagalasi la wometa, iye akuganiza kuti ndikuyang'ana ngati tsitsi layambanso.

Lachisanu masana wogulitsa utoto anandinyamula pa galimoto yake n'kunditsitsa pa geti. Nyumba ya Mabingu inali yaing'ono, yaukhondo, ndipo pa khomo anali atathirapo simenti yatsopano motsetsereka m'malo mwa masitepe. Pabalaza anakokerapo bedi. Kukhoma anakhomako chitsulo chogwira poyenda, pa tebulo panali mabotolo a mankhwala atandandalikidwa m'thireyi, ndipo pafupi ndi windo panali mpando wa manja, Mabingu ali pamenepo. Anali atameta ndevu, atavala malaya osita, mabatani atamanga mpaka pakhosi.

"Anakana kukulandirani ndi zovala zogonera," anatero mwana wake motsitsa. "Tavutana kuyambira m'mawa."

Ndinaika makina pansi. "Mabingu, aise. Ndabwera."

Mbali imodzi ya nkhope yake inali itagwa, koma maso anali omwe aja. Anatukula dzanja lamanzere, ndinaligwira, ndipo anandifinya mpaka zala kuwawa. Anayang'ana pamutu panga nthawi yaitali, milomo ikulimbana ndi mawu.

"Da-zi," anatero, theka la pakamwa likuseka.

Tinaseka tonse atatu, ndipo kuseka kumeneko kunandipweteka kuposa mbama imene ndinkaidikira ija. Ndinagwada pansi kulumikiza mawaya kuti ndisamuyang'ane, ndipo ndili chogwada choncho ndinanena zimene ndinayeserera. Pali kavuto pang'ono. Matepi akale sagwirizana ndi chinyezi. Njira zitatu zinawonongeka, koma mwamwayi ya ng'oma inapulumuka. Mwanayo anati zilibe kanthu, amalume, ng'omazo ndi zimene tikufuna. Ndinkangomva maso a Mabingu pa dazi langa.

Ndinadina batani. Mawu ake a unyamata atawerenga mpaka zinayi, mwana wake anagwira pakamwa. "Ndi ababa amenewa? Ababa, ndi inu?" Ng'oma zinadzaza pabalaza mpaka mabotolo a mankhwala kunjenjemera m'thireyi. Dzanja lamanzere la Mabingu linayamba kugunda pa mpando, osaphonya, kutsogolera pang'ono ngati munthu wodziwa njira. Mwanayo ankayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana sipika, n'kuyang'ananso dzanjalo, misozi ikutsika osaipukuta.

M'nyimbo yachiwiri, pamene ng'oma zinatsika, Mabingu anasiya kugunda. Anapendekera kutsogolo mpaka mwana wake anamugwira phewa.

"Ma-nze-re," anatero. Kenako kwa ine: "Kweza."

"Ndakweza mpaka kumapeto, aise. Yatsala ndi yomweyo."

Anatseka maso kuti amve bwino. Kagitalako kanaonekera pang'ono n'kumira. Ndinaganiza kuti ndapulumuka, ndipo ndikuvomereza kuti mtima unayamba kukhala pansi.

Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi chimene munthu aliyense wa m'misewu akanandikumbutsa. Nyimbo yachitatu pa tepiyo ndi imene ndinaisandutsa Usandidikire, ndipo chiyambi cha ng'oma zake amachidziwa ndi oyendetsa minibasi omwe. Zitangoyamba, mwana wa Mabingu anayamba kugwedeza mutu akumwetulira m'misozi. Kenako anayamba kung'ung'udza. Kenako, osadziwa n'komwe kuti akuimba, anatulutsa mawu: "Usandidikire pa geti, mvula ikubwera." Mzere wachiwiri unalowa bwinobwino. Wachitatu unalowanso. Pa wachinayi anaima pakati.

"Amalume, iyi si Usandidikire?"

Ng'oma zinkapitirira.

"Pa wailesi munati munaomba nokha." Ananena pang'onopang'ono, ngati akuwerenga kalata ya dokotala. Anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana makina, mabatani atatu amene ndinawatsitsa mpaka pansi. "Tatsegulani zinazo. Timve mmene zinawonongekera."

Ndikanatha kunena kuti zingawotche sipika. Bodza linafika mpaka pa milomo, lokonzeka kale, koma dzanja langa linatsogola bodzalo lisanatuluke. Ndinakweza njira zitatuzo. Besi yanga yopunduka inalowa, gitala yanga inalowa, ndipo pamwamba pa zonse panabwera mawu anga a unyamata, odzikuza, omveka bwino ngati ajambulidwa dzulo. Ndinazisiya zilire pang'ono kuti pasakhalenso chobisa, kenako ndinazimitsa.

"Si chinyezi," ndinatero, maso ali pa simenti. "Ndinafufuta ndine. Tepi ina kunalibe, ndiye ndinajambula zanga pamwamba pa zathu. Wamanzere ndinamufufuta, Aphunzitsi ndinawafufuta. Iwe ndinakusiya chifukwa ndinalephera kuomba. Tsiku lija pa maliro unandiuza kuti ndiisamale, inali itapita kale zaka khumi. Ndinachita mantha kukuuza. Ndachita mantha mpaka lero."

Kunja wina ankakhoma chitsulo, ndipo ndinawerenga kukhomako mpaka ndinasokoneza. Nditadzutsa mutu, Mabingu anali atatseka maso, chifuwa chikukwera ndi kutsika, msozi umodzi ukuyenda pa tsaya lakufa lija.

"Nyamulani makina anu," anatero mwanayo. Za umalume zinali zitatha. "Nyamulani muzipita, musanandiphere munthu."

Ndinayamba kuzula mawaya. Dzanja la Mabingu linamenya mpando.

"Ayi."

"Ababa, musadzivute, apite basi."

"Ayi. Bwe-za."

Ndinabweza tepi mpaka pa chiyambi cha nyimbo yachitatu. Analoza mabatani atatu aja ndi chibwano, ndinawatsitsa. Kenako anandiloza ine, kundiuza kuti ndiimirire. Ndinaimirira pakati pa bedi ndi tebulo, manja ndilibe powaika.

"Imba."

Ng'oma zinayamba. Ndinapuma mozama, ndipo pamalo pake ndinalowa: "Usandidikire pa geti..."

Anamenya mpando mwamphamvu moti mwana wake anadzidzimuka.

"Ayi! Ya-thu."

M'pamene ndinamvetsa. Ngati Wamanzere mulibe m'tepi, watsala m'mutu mwa amene ankaimba mawu ake. Ndinawaimba zaka ziwiri zathunthu, m'maholo ndi m'mabala, Loweruka lililonse. Ndinabwezanso tepi, ndikudziuza kuti ichi chokha ndingathe kumupatsa.

Ng'oma zinayamba, ndinatsegula pakamwa. Ndikudziwa kuti nyimboyo inkanena za mayi ake a Wamanzere, kapena za basi imene ankakwera, mwina zonse ziwiri. Ndinafufuza liwu loyamba. Paliponse pamene ndinkagwira pankabwera geti ndi mvula. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikuimba mawu anga pa ng'oma zimenezi, pa ukwati uliwonse, pa siteji iliyonse, mpaka akale aja anafufutika osatsala ndi kachidutswa komwe. Ndinayesa kung'ung'udza chabe, ndipo chimene chinatuluka chinali Usandidikire yemweyo.

Ndinayang'ana Mabingu kuti andithandize. Milomo yake inkayenda. Mawu onse anali nawo, mzere ndi mzere, ndinkaona mmene ankapumira pamalo popumira, koma kunkangotuluka mpweya ndi malovu. Mwana wake anagwada pambali pake, kumupukuta pakamwa ndi kansalu, khutu ataliyandikiza kuti mwina atolapo liwu limodzi. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

Nyimbo inatha ine ndili chiimire, kukamwa kuli yasa.

"Bwe-za," anatero Mabingu.

Tinabweza kanayi masana amenewo, ndipo ulendo uliwonse ankandiyang'ana ndi chiyembekezo chenicheni ng'oma zikamayandikira polowera mawu. Kachinayiko katatha ndinaika chala pa batani, kudikira kuti anenenso. M'malo mwake anachotsa dzanja pa mpando n'kuliika pa mwendo, n'kutembenuzira nkhope ku windo.